Mmene mungapemphere grant ku khonsolo ngati muli ndi kabungwe kothandiza anthu m'dera

Chaka chilichonse ndimaona zomwezomwezi ndipo zimandiwawa. Kabungwe kabwinobwino, anthu ake akugwira ntchito ndi mtima wonse, ena akuyendera okalamba amene alibe owasamala, ena akusunga amayi othawa nkhanza kunyumba, ena akuthandiza anthu aulumali kapena achinyamata amene alowerera ndi mowa, koma khonsolo ikatulutsa mayina a mabungwe amene apeza grant, lomwe ndi thandizo la ndalama zogwirira ntchito, dzina lawo mulibe. Akatero amangoti aaa kumeneko ndi zodziwana basi, n'kusiyiratu kupempha. Sindikukana kuti zokondera zimachitika, koma mapempho ambiri amene ine ndawaona akugwa anagwa munthu asanawerenge n'komwe zimene bungwelo limachita. Satifiketi ya bungwe inatha kale ntchito, bajeti ikunena zina pomwe nkhani yofotokoza ntchitoyo ikunena zina, fomu yafika atatseka kulandira. Ndiye ovutika si amene analemba pempholo ayi, ndi agogo aja amene amadikira kuti Lachiwiri kubwera munthu kudzawaona.

Chinthu chimodzi muchigwire musanapitirire. Ndalama za khonsolo ndi za misonkho ya anthu, nde amene akuzigawawo nawonso ali ndi owafunsa kumbuyo kwawo, maodita (ofufuza mmene ndalama zayendera), makhansala, eni dera. Akamawerenga pempho lanu m'mutu mwawo muli funso limodzi: tikawapatsa awawa, adzatha kutionetsa kuti athandiza ndani, anthu angati, ndipo ndalama iliyonse yalowera kuti? Zonse ndalemba m'munsimu ndi zoyankha funso limeneli.

Zoti mukhale nazo musanagwire fomu

Izi musonkhanitsiretu chilengezo chisanatuluke, chifukwa chikatuluka nthawi imakhala masabata ochepa chabe ndipo mapepala ena kuti muwapeze ku maofesi amatenga nthawi yoposa pamenepo.

- Satifiketi yosonyeza kuti bungwe lanu linalembetsedwa, ndipo muone deti lake ngati ikadali yamoyo.
- Malamulo oyendetsera bungwe, osainidwa.
- Mayina a anthu a mu bodi ndi maudindo awo, komanso maminitsi a misonkhano ingapo yaposachedwa.
- Akaunti ya ku banki ya m'dzina la bungwe, yosainira anthu osachepera awiri, ndi masitetimenti ake.
- Lipoti la zachuma la chaka chatha. Ngati odita analiona ndi bwino kwambiri.
- Mapepala a msonkho, kaya ndi osonyeza kuti mulibe ngongole kaya ndi osonyeza kuti bungwe lanu silikhoma.
- Kaundula wa anthu amene mwathandiza, wokhala ndi madeti.
- Ndondomeko yolembedwa ya mmene mumatetezera ana ndi akulu osatha kudziteteza, ya kusunga chinsinsi, ndi ya zochita ngati wa mu bodi ali ndi phindu lake pa chinthu chimene bungwe likugula.
- Inshuwalansi, ngati kwanuko amaifuna.
- Imelo ya bungwe osati ya munthu, kompyuta, ndi foni yojambula bwino kapena sikana.
- Anthu awiri: wolemba, ndi wina wodzawerenga zimene zalembedwazo.

Zonsezi muzisikane, muzisunge mu foda imodzi ngati ma PDF okhala ndi mayina omveka. Ngati gulu lanu silinalembetsedwe musataye mtima, makhonsolo ena amalola kuti mupemphe kudzera ku bungwe lina lolembetsedwa limene lizikusungirani ndalamazo, koma mgwirizano wake ukhale wa papepala, wonena kuti iwo atengapo zingati ndipo ndani azilemba malipoti. Za pakamwa zimadanitsa ndalama ikalowa.

1. Dziwani kalendala ya khonsolo yanu

Khonsolo imagawa ndalama potsata chaka chake cha zachuma, ndipo chakachi sichifanana kulikonse, kwina chimayamba mu Januwale, kwina mu Epulo, kwina mu Julaye. Pitani kapena imbani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena ya zachitukuko mufunse zinthu zitatu: chaka chawo chimayamba liti, chilengezo cha ma grant chimatuluka mwezi uti, ndipo amachilengeza kuti. Ena amagawa chaka ndi chaka, ena amagawa za zaka ziwiri nthawi imodzi, nde mukaphonya pamenepo mudikira nthawi yaitali ndithu. Pemphaninso pulani ya khonsolo yonena za mavuto amene aika patsogolo, ndi mndandanda wa mabungwe amene analandira ulendo watha. Izi si zachinsinsi ayi, ndi ndalama za anthu, muli ndi ufulu wofunsa.

Chenjezo: musadikire kumva kwa mnzanu pa WhatsApp kuti kwatuluka grant. Uthenga woterewu umakupezani kutatsala masiku anayi.

2. Werengani chilengezo chonse, kawiri

Ulendo woyamba werengani kuti muone ngati muli oyenera kupempha. Ulendo wachiwiri tengani cholembera mulembe mzere pansi pa izi: ndani akuloledwa, akufuna ntchito za mtundu wanji, mlingo wotsika ndi wokwera wa ndalama, zinthu zimene salipira, tsiku ndi ola lotsekera, mapepala ofunika kumata, ndi mmene adzagawire mamaki. Gawo la mamakili ndi limene anthu ambiri amalidumpha koma ndi pamene pagona nkhani. Ngati alemba kuti kufotokoza vuto ndi mamaki 15, ndondomeko ya ntchito 30, bajeti 25, ndiye kuti mphamvu zanu muzigawenso chimodzimodzi, osati masamba atatu a mbiri ya woyambitsa bungwe pomwe mbiriyo ilibe maki ngakhale imodzi.

Onaninso malire a dera. Khonsolo imalipira ntchito yothandiza anthu okhala m'dera lake, ngati theka la anthu anu amachokera kutsidya kwa malire muziwerenga padera. Ndipo makhonsolo ambiri salola ndalama zawo kugwira ntchito ya ndale kapena yokopa anthu kulowa mpingo. Bungwe la mpingo litha kupempha nthawi zambiri, koma thandizolo likhale la aliyense, osati munthu ayambe wapemphera kaye kuti alandire.

Chenjezo: mukaona kuti ntchito yanu sikugwirizana ndi zimene akufuna chaka chino, musaipinde kuti ikwanemo. Mudzapambana ndalama ya ntchito imene simuidziwa, kenako mudzalira nayo miyezi 12.

3. Pitani ku msonkhano wofotokozera, funsani mafunso

Makhonsolo ambiri amaitanitsa msonkhano wofotokoza za grant, pamaso kapena pa intaneti, ndipo kwina ngati simunapiteko pempho lanu salilandira n'komwe. Pitani, lembetsani dzina la bungwe pa kaundula wa obwera. Funso limene simuyenera kuchoka musanafunse ndi ili: ndalama mumapereka poyamba, kapena timayamba tagwiritsa zathu kenako mumatibwezera? Tikambanso za zimenezi pa bajeti. Mafunso ena atumizeni pa imelo kuti yankho likhale lolembedwa.

Chenjezo: chilengezo chikatuluka, musamayende kuseri kukaonana ndi khansala kapena wa mu komiti yosankha kuti akukumbukireni. Kwina zimenezi zokha zimachotsetsa pempho, ndipo ngakhale kumene sachotsa, mbiri ya bungwe imada. Nthawi yodziwitsa makhansala za ntchito yanu ndi chaka chonse chija mpikisano usanatseguke, aitaneni adzaone ndi maso.

4. Sankhani ntchito imodzi, fotokozani vuto ndi umboni

Mabungwe ang'onoang'ono timachita zambiri, lero ana amasiye, mawa okalamba, mkuja kubzala mitengo, chifukwa munthu akabwera ndi vuto sungamubweze. Koma mu pempho sankhani ntchito imodzi imene mumaidziwa bwino ndipo muli ndi kaundula wake. Wowerenga ali ndi mapempho mulu patebulo, akamaliza lanu akhale wokhoza kuuza mnzake m'chiganizo chimodzi kuti awa akufuna kuchita chakuti.

Pofotokoza vuto musayambe ndi dziko lonse lapansi. Yambani ndi dera lanu. Manambala atengeni ku kalembera wa boma, ku malipoti a khonsolo yomweyo, ku chipatala kapena sukulu ngati akulolani, ndipo nenani kumene mwawatenga ndi chaka chake. Kenako onjezani zanu: chaka chatha anabwera anthu angati, munathandiza angati, munabweza angati chifukwa cha kuchepa kwa zipangizo. Nambala ya anthu obwezedwayi ndi yamphamvu kwambiri, ndipo n'zachisoni kuti mabungwe ambiri salemba, munthu amangouzidwa kuti pepani malo atha n'kumapita. Yambani lero kulemba, ngakhale m'kope wamba.

Kankhani ka munthu mmodzi kamathandiza kuti manambala apume, koma kakhale kakafupi, dzina lisinthidwe, ndipo mwiniwake avomere.

Chenjezo: musapeke nambala. Anthu a ku khonsolo amalidziwa dera lawo, mukalemba kuti pali ana a mumsewu 5,000 pomwe iwo akudziwa kuti safika pamenepo, china chilichonse chimene mwalemba sachikhulupiriranso.

5. Lembani zimene mudzachite ndi zimene zidzasinthe

Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Pali zimene mudzachite, monga maulendo angati, maphunziro angati, anthu angati ofikiridwa. Ndiye pali zimene zidzasinthe pa moyo wa anthuwo, monga okalamba angati amene azimwa mankhwala awo mosadumphitsa, ana angati obwerera ku sukulu n'kukhalitsa mpaka chaka kutha, amayi angati amene apeza pokhala potetezeka. Khonsolo imafuna zonse ziwiri, ndipo pa chilichonse munene kuti mudzadziwa bwanji, kaya ndi fomu yoyendera, kaya kaundula wa sukulu, kaya mafunso amene mudzafunse munthu polowa ndi potuluka.

Samalani ndi kawerengedwe. Munthu mmodzi akabwera kakhumi ndi munthu mmodzi, maulendo 10, si anthu 10 ayi. Mafomu ambiri amafunsa nambala ya anthu osabwereza ndipo apa ndi pamene mabungwe amagwidwa bodza mosadziwa.

Tsatirani mitu ya fomu ndendende mmene ayiikira, funso lililonse liyankhidwe pamalo pake, ndipo ngati anena kuti mawu asapitirire 300 musapitirire, mafomu ena a pa intaneti amangodula okha osakuuzani. Lembani mawu osavuta. Ena mwa owerengawo ndi anthu wamba a m'dera amene anadzipereka kukhala mu komiti, mawu akuluakulu a ku maworkshop sawagometsa, amawatopetsa.

Chenjezo: lonjezani zimene mungakwanitse. Ngati chaka chatha munathandiza anthu 60, musalembe 400 pofuna kukometsa. Nambala imeneyo idzalowa mu kontrakiti ndipo mudzayezedwa nayo.

6. Bajeti

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pamagwera ambiri, ndipo ndi pamene wowerenga wodziwa ntchito amayambira kuona asanawerenge n'komwe nkhani yanu.

Bajeti isayambire pa ndalama imene khonsolo yanena kuti ndi mlingo wokwera, iyambire pa ntchito. Tiyerekeze kuti mukufuna kuyendera okalamba 60, kawiri pa mwezi, kwa miyezi 12. Amenewo ndi maulendo 1,440. Ngati woyendera mmodzi amatha nyumba 6 pa tsiku ndiye kuti ndi masiku 240 a ntchito, pafupifupi chaka chonse cha munthu mmodzi osadwala osapuma, nde mwaona kale kuti mukufunika anthu awiri kapena kuposa. Kuchokera pamenepo muwerengere malipiro awo, transipoti ya masiku amenewo, magolovesi ndi zina zogwiritsa ntchito pa ulendo uliwonse, mayunitsi a foni, mafomu osindikiza. Mzere uliwonse uonetse masamu ake: chinthu chakuti, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, zonse pamodzi. Mzere wongoti "zina ndi zina" wokhala ndi ndalama yambiri umachotsetsa mamaki. Pa zinthu zodula pezani makotesheni (mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa), nthawi zambiri amafuna atatu.

Musaope kuika malipiro a ogwira ntchito. Ndaona mabungwe ambiri akuchita manyazi, akuika zipangizo zokhazokha poganiza kuti akaoneka odzipereka, kenako pakati pa chaka mavolontiya atopa, ali ndi mabanja awo oti awadyetse, ntchito yaima. Kuthandiza anthu ndi ntchito ya manja a anthu, ndipo khonsolo imadziwa zimenezo. Ngati munthu azigwira theka la nthawi yake pa ntchito iyi, ikani theka la malipiro ake ndipo mukonzekere kusunga pepala losonyeza maola amene wagwira.

Palinso ndalama zoyendetsera ofesi, lendi, magetsi, intaneti, wowerengera ndalama, zolipira ku banki. Makhonsolo ambiri amaika malire pa zimenezi, ngati anena kuti zisapose 10 peresenti musapose, koma musazisiyenso dala, chifukwa mukazisiya zidzatuluka m'thumba mwa munthu wina m'bungwemo.

Kwina amafuna kuti nanunso muikepo gawo lanu, mwachitsanzo pa 100 iliyonse 20 ikhale yochokera kwa inu. Funsani ngati amavomera zinthu m'malo mwa ndalama, monga maola a mavolontiya kapena chipinda chimene wina anakupatsani mwaulere. Ngati amavomera, zimenezonso zimafuna umboni wolembedwa. Ndipo onetsani kumene mumapezanso ndalama zina, khonsolo imachita mantha ndi bungwe limene lingafe tsiku limene grant yatha.

Tsopano nkhani ija ya kubwezeredwa. Ma grant ena a khonsolo sapereka ndalama patsogolo, mumayamba mwagula, mwalipira anthu, kenako mumatumiza malisiti ndi lipoti, iwo aone, ndiye akubwezereni patapita masabata angapo kapena kuposa. Ngati mu akaunti yanu mulibe yoti ikuyendetseni miyezi iwiri kapena itatu, grant yotereyi itha kukulowetsani mu ngongole ngakhale mwapambana. Khalani pansi ndi bodi muone chilungamo chake, ndipo ngati simungathe funsani khonsolo ngati imapereka kagawo koyambira, kapena pemphani ndalama yochepa imene mungainyamule.

Chenjezo: mukamaliza ikani bajeti pambali pa nkhani muziyerekeze mzere ndi mzere. Chilichonse chotchulidwa mu nkhani chikhale ndi ndalama yake, chilichonse cha mu bajeti chikhale chitatchulidwa mu nkhani. Ife chaka china tinasintha nambala ya anthu mu nkhani usiku womaliza koma fayilo ya bajeti tinatumiza yakale, ndipo ndemanga imene inabwera inali yoti manambala sakugwirizana. Ntchito imene tinkafuna kuyamba inachedwa chaka chathunthu, anthu amene tinawalonjeza anadikira chaka chimenecho.

7. Makalata a amene mumagwira nawo ntchito

Makalata awiri kapena atatu akwana. Akhale ochokera kwa amene mumagwira nawodi ntchito, chipatala chimene chimakutumizirani odwala, sukulu, bungwe linzanu, ndipo anene chenicheni chimene adzachite, monga kukupatsani chipinda kawiri pa sabata kapena kulandira anthu amene inu simungathe kuwathandiza. Kalata yongoyamikira kuti ndinu anthu abwino siwonjezera kanthu. Apempheni msanga, anthu osaina amakhala otanganidwa.

8. Wina awerenge, kenako tumizani kusanade

Mupatse munthu amene sadziwa bungwe lanu awerenge, ndipo mumufunse kuti wamva kuti mukufuna kuchita chiyani. Akalephera kuyankha vuto si iye. Wina atenge kakyuleta aphatikize bajeti yonse payekha. Kenako tengani mndandanda wa mapepala ofunika kumata muchonge limodzi limodzi, muonenso amene akuyenera kusaina, chifukwa mafomu ena amafuna tcheyamani wa bodi osati mkulu wa bungwe.

Tumizani kutatsala masiku awiri. Ngati ndi pa intaneti, tsegulani akaunti sabata yoyamba yomwe chifukwa kwina amatenga masiku kuti akuvomereni, onaninso kukula kwa fayilo kumene amalola. Ola lotsekera likakwana makina amatseka okha ndipo palibe womudandaulira kuti netiweki inavuta. Mukatumiza sungani imelo yotsimikizira kapena jambulani sikirini. Ngati ndi pamanja, pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni sitampu ya deti mubwerere nayo.

9. Akakuitanani kapena akabwera kudzaona

Makhonsolo ena amaitana opempha kuti adzalankhule kwa mphindi zochepa pamaso pa komiti, ena amabwera kumalo anu. Pitani awiri, wodziwa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi wodziwa bajeti. Yesererani ndi wotchi. Funso limene simukudziwa yankho lake nenani kuti mutumiza pa imelo mawa, ndipo mutumizedi. Akabwera kudzaona musasonkhanitse anthu oti adzadzaze malo, asiyeni aone tsiku wamba, ndipo anthu amene mumawathandiza muwauziretu kuti kubwera alendo, amene sakufuna kuonedwa asakakamizidwe.

Dziwaninso kuti nthawi zambiri komiti imangopereka maganizo, chigamulo chomaliza chimachitika pa msonkhano wa makhansala povomereza bajeti. Nde mukamva kuti komiti yakusankhani musayambe kulemba anthu ntchito.

10. Mwapambana: kontrakiti, malisiti, malipoti

Werengani kontrakiti yonse musanasaine, bodi ione. Kawirikawiri amapereka yochepa kuposa imene munapempha, ndiye akakupatsani theka musavomere manambala akale aja, kambiranani kuti nawonso atsike ndipo zilembedwe. Musagule kanthu kontrakiti isanasainidwe, zogula za deti lakumbuyo nthawi zambiri sabweza.

Kuyambira tsiku loyamba ndalama ya grant ikhale ndi kaundula wakewake. Lisiti lililonse lijambulidwe tsiku lomwelo chifukwa mapepala ena a m'makina amafufutika pakapita miyezi, kumbuyo kwake mulembe kuti ndi la mzere uti wa bajeti. Wopempha ndalama, wovomereza ndi wolipira asakhale munthu mmodzi, ngakhale mumakhulupirirana chotani, izi zimateteza munthuyo kuti asadzanamiziridwe. Mwezi uliwonse yerekezani kaundula wanu ndi sitetimenti ya ku banki. Madeti a malipoti alembeni pa khoma, chifukwa lipoti likachedwa gawo lotsatira la ndalama limaimanso.

Zinthu zikasintha, mitengo yakwera, wogwira ntchito wasiya, anthu akubwera ochepa kuposa mmene munkaganizira, lembani kwa ofisala woyang'anira grant yanu nthawi yomweyo mupemphe chilolezo chosuntha ndalama kuchoka mzere wina kupita wina. Ambiri amavomera akauzidwa nthawi ilipo. Chimene savomera ndi kudzazitulukira okha pa lipoti lomaliza. Ndalama yotsala imabwezedwa pokhapokha atakulolani mwa kalata, ndipo mapepala onse muwasunge zaka zimene kontrakiti yanena chifukwa odita atha kubwera ntchito itatha kalekale.

11. Mwakanidwa

Zimapweteka, makamaka ukaganiza nkhope za anthu amene umafuna kuwathandiza. Pumani masiku awiri, kenako lembani kalata yaulemu yopempha mamaki anu ndi ndemanga za komiti. Nthawi zina mupeza kuti munatsala pang'ono, ndalama zinangothera pa amene anali patsogolo panu. Sungani pempholo, zambiri zimene mwalembamo zigwiranso ntchito kwa opereka thandizo ena, ndipo pitirizani kutumiza kalipoti kakafupi ku ofesi ya khonsolo ija ngakhale sanakupatseni kanthu, kuti ulendo wina dzina lanu lisadzakhale lachilendo.

Zolakwika zimene zimangobwerezeka

Kukopera pempho limene munatumiza kwina n'kungosintha dzina pamwamba. Wowerenga amazindikira msanga, ndipo nthawi zina dzina la wopereka thandizo wakale uja limatsalira pa tsamba lachitatu.

Kulemba munthu wakunja kuti akulembereni zonse inu osawerenga. Kupempha thandizo polemba si kulakwa, koma ngati wolembayo walonjeza zinthu zimene inu simunazimvepo, pa komiti mudzasowa chonena ndipo mu kontrakiti mudzamangidwa nazo. Chenjeraninso ndi amene amati mudzandipatse peresenti ya grant ikatuluka, ndalama imeneyo mulibe mzere wake mu bajeti, mudzaitenga kuti?

Kulowetsa ndalama za bungwe mu akaunti ya munthu kapena pa foni ya tcheyamani, ngakhale kwa tsiku limodzi.

Bodi ya pachibale pokhapokha, bambo, mayi, mlamu ndi mphwake. Mwina ndi anthu okhulupirika ndithu, koma kwa khonsolo zimaoneka kuti palibe amene angafunse mnzake. Ndipo ngati wa mu bodi yanu amagwira ntchito ku khonsoloko kapena ndi m'bale wa khansala, nenani nokha pa fomu, zikadziwika kudzera kwa ena zimakhala zoipa kwambiri.

Kubwereka ndalama ya grant kuti mutsekere vuto lina mwachangu, poganiza kuti mubweza mwezi wamawa. Vutolo limakhala lenileni, munthu wadwala, lendi yakwana, koma pa pepala zimenezi ndi kugwiritsa ntchito ndalama molakwika ndipo mutha kuuzidwa kubweza yonse.

Kupereka lisiti limodzi kwa opereka thandizo awiri. Uku ndi kuba, ngakhale ndalamayo itapita ku ntchito yabwino.

Kunena kuti ndinu nokha amene mukugwira ntchito imeneyi m'dera pomwe khonsolo ikudziwa mabungwe ena atatu. Atchuleni, munene chimene inu mukuchita chimene iwo sakufikira, kaya ndi mbali ya dera, kaya ndi maola a usiku, kaya ndi gulu la anthu limene limasiyidwa.

Ndipo ichi chimene chimandikhudza kwambiri: kuika mu lipoti zithunzi za nkhope, mayina enieni ndi matenda a anthu amene mumawathandiza pofuna kusonyeza kuti ntchito ikuchitika. Mapepala opita ku khonsolo amadutsa m'manja ambiri ndipo ena amatha kuonedwa ndi aliyense amene wapempha. Mayi amene anathawa nkhanza atha kupezedwa ndi amene ankamuchitira nkhanzayo kudzera pa chithunzi chimodzi chokha. Gwiritsani ntchito manambala a kaundula m'malo mwa mayina, mafayilo enieni akhale mu kabati yokhoma kapena mu kompyuta ya pasiwedi, ndipo wa ku khonsolo akafuna kutsimikiza abwere adzaonere ku ofesi kwanu, asatuluke nawo.